Makiyi ali ndi wina, mankhwala ali ndi wina: zimene ndinaona pa chipatala cha m'ndende

Tsiku limene ndinayamba ntchito pa kachipatala ka m'kati mwa ndende ina kuno kwathu, ndinkayembekezera kuti vuto lalikulu likhala kusowa kwa mankhwala, chifukwa ndi zimene aliyense ankandichenjeza. Mankhwala ankasowadi nthawi zina, monga momwe amasowera m'zipatala zambiri, koma patapita zaka ndinazindikira kuti odwala athu ambiri ankavutika pa chifukwa china. Munthu wodwala m'ndende amakhala pakati pa maulamuliro awiri, wa wosunga makiyi ndi wa wosunga mankhwala, ndipo pa ndende yathu panalibe chikalata chilichonse chonena momveka bwino kuti awiriwa akasemphana maganizo, mawu omaliza ndi a yani. Ndikulemba izi pofuna kuthandiza anzanga azaumoyo amene angotumizidwa kumene ku ntchito imeneyi, akuluakulu a ndende amene ali ndi mtima wokonza zinthu, komanso abale amene ali ndi munthu wawo m'kati. Sinditchula dzina la ndendeyo kapena la munthu amene ndinagwira naye ntchito, chifukwa sindikufuna kuloza wina chala, komanso mmodzi mwa olakwa pa nkhani imene ndifotokozeyi ndine ndemwe.

Ndiyambe ndi momwe ndinalili ineyo. Ndinaphunzira ntchito yothandiza odwala, ndipo akaidi ndi asilikali omwe ankanditchula kuti adokotala, koma ndinalinso msilikali wa ndende wovala yunifolomu, wokhala ndi udindo wocheperapo kwambiri poyerekeza ndi wa mkulu wa ndendeyo. Tchuthi changa ankavomereza ndi iye, nyumba imene ndinkakhala ndi banja langa inali ya ku malayini, kumene kumakhala asilikali a ndende, ndipo lipoti lonena za kagwiridwe kanga ka ntchito linkadutsa pa tebulo lake. Pa usilikali, wamkulu akalankhula wamng'ono amayankha kuti chabwino bwana. Pa ntchito ya chipatala, wodwala akafunika kugonekedwa lero ndiye kuti ndi lero. Miyambo iwiriyi inkakhala mwa munthu mmodzi, ndipo kwa nthawi yaitali wa usilikali ndi umene unkapambana, ine osazindikira n'komwe kuti ndikugonja.

Kuti mkaidi afike pa chipatala cha boma cha m'dera lathu, pankafunika zinthu zinayi: chilolezo cha mkulu wa ndende, galimoto, mafuta, ndi asilikali omuperekeza, amene ngati wodwalayo wagonekedwa ankayenera kumulondera usana ndi usiku mosinthana. Pa zinthu zinayizi, ine ndinalibe ulamuliro pa chilichonse. Ngakhale kufika kwa wodwala pa khomo la kachipatala kanga sikunali m'manja mwanga, chifukwa mayina a odwala ankabwera m'mawa uliwonse kudzera kwa anyapala, akaidi amene amapatsidwa udindo woyang'anira anzawo m'maselo. Amene nyapala sanamulembe ndiye kuti kwa ine sanadwale.

Panali mnyamata wina wa pa rimandi, wosakwana zaka makumi atatu, amene ankadikirira mlandu wake. Analowa m'ndende akutsokomola kale, koma nthawi imeneyo sitinkayeza olowa kumene, choncho anangoponyedwa m'selo yodzaza, n'kupatsidwa malo pa shamba, pakati pa selo pamene anthu amachezera usiku atakhala pansi mopanikizana, wina atatsamira pa maondo a mnzake. Analibe sopo kapena ndiwo zochokera kunyumba zoti n'kukometsera nazo nyapala, ndipo panadutsa masabata dzina lake lisanafike pa pepala la odwala. Tsiku limene anafika kwa ine anali atawonda kwambiri, thupi likutentha, ndipo anandiuza kuti usiku amatuluka thukuta mpaka malaya kunyowa. Ndinatumiza makhololo ake ku chipatala cha boma, zotsatira zinaonetsa chifuwa chachikulu, ndipo tinamuyambitsa mankhwala. Koma matendawa anali atamudya kale. Lachisanu lina masana ndinamupeza akubanika, milomo itauma, osatha kumaliza chiganizo popanda kuima kuti apume, ndipo ndinadziwa kuti akufunika kugonekedwa n'kuikidwa pa mpweya.

Ndinapita ku ofesi ya mkulu wa ndende n'kumufotokozera pakamwa. Anandimvetsera mwaulemu, kenako anandiyalira mavuto ake: galimoto inali itapita kukhoti ndi anthu a pa rimandi, mafuta otsala anali oti akatengere ufa, ndipo asilikali a pa ntchito kumapeto kwa sabatayo anali ochepa kale moti kuchotsapo ena kuti akalondere wodwala mmodzi kukanasiya mpanda wopanda anthu okwanira. Anamaliza ndi mawu akuti, "Adokotala, mupatseni zimene muli nazo, tione Lolemba." Ine ndinayankha kuti, "Chabwino bwana," n'kutuluka. Usiku wa Lamlungu anzake a m'selo anamenya chitseko kwa nthawi yaitali, koma kutsegula selo usiku kumafuna mkulu woyang'anira usiku umenewo ndi asilikali okwanira, ndipo amene anali pa ntchito anaopa kutsegula okha. Anamutulutsa kutacha Lolemba, ndipo anamwalira tsiku lomwelo atangofika kumene ku wodi.

Patapita masiku angapo mayi ake anabwera atanyamula kontena ya nsima ndi nsomba, uthenga usanawapeze kumudzi. Anandiitana ine kuti ndikalankhule nawo, popeza ndi ine ndinkamuthandiza. Anandifunsa funso limodzi lokha: "Adokotala, mwana wanga munamuona kuti wadwalika liti?" Ndinawauza zoona, kuti ndinamuona Lachisanu. Sanakalipe, anangokhala pansi pafupi ndi geti atafunda chitenje kumutu. Pamene tinkalemba lipoti la imfayo, ndinapeza kuti panalibe paliponse pamene panalembedwa kuti ine ndinapempha galimoto Lachisanu, kapena kuti pempholo linakanidwa pa zifukwa zakuti. Pa pepala, mnyamatayo anangodwala chifuwa chachikulu n'kumwalira.

Ndakhala ndikuganizira za mkulu wa ndende uja kwa zaka zambiri, ndipo ndikunena mosabisa kuti sanali munthu wankhanza. Ankachita zimene dongosolo linamuphunzitsa kuopa. Mkaidi akathawa ali kuchipatala, pamakhala kafukufuku, anthu amaimitsidwa ntchito, ndipo dzina la mkulu wa ndende limamveka mpaka ku likulu. Mkaidi akamwalira ndi matenda, chikalata cha imfa chimalembedwa, thupi limaperekedwa kwa abale, ndipo kawirikawiri palibe amene amafunsidwa kuti maola amene wodwalayo anachedwa kuthandizidwa anapita kuti. Munthu aliyense amasamala kwambiri chinthu chimene adzafunsidwe. Malinga ngati thanzi la akaidi silili pa mndandanda wa zinthu zimene mkulu wa ndende amayankhapo pamaso pa akuluakulu ake, mafuta adzapita kaye kwina, ndipo wazaumoyo wongolankhula pakamwa ngati momwe ndinkachitira ine amathandizira kuti zinthu zikhalebe choncho.

Imfa imeneyi ndi imene inandichititsa kuwerenga malamulo, chinthu chimene ndinkachiona ngati ntchito ya maloya. Ndinapeza kuti gawo 42 la malamulo aakulu oyendetsera dziko lino limanena kuti aliyense wosungidwa m'ndende ali ndi ufulu wosungidwa mosanyozetsa umunthu wake, ndipo limatchula mwachindunji chakudya chokwanira ndi chithandizo cha mankhwala zolipiridwa ndi boma. Ndinawerenganso chigamulo cha m'chaka cha 2009 pa mlandu umene mkaidi Gable Masangano anasumira boma m'malo mwa akaidi onse. Bwalo lalikulu linagamula kuti kuthithikana kwa anthu m'maselo opanda mpweya wokwanira ndi nkhanza zonyozetsa umunthu, linakana kuti kusowa kwa ndalama kukhale chodzikanira, ndipo linapereka miyezi 18 kuti kudzazana kuchepetsedwe ndi theka. Aliyense amene walowapo m'ndende zathu akudziwa kuti kudzazanako sikunathe, koma kwa ine chigamulochi chinasintha kaimidwe kanga, chifukwa ndinadziwa kuti pamene ndikupempha galimoto sindikupempha chifundo cha bwana, ndikukumbutsa za udindo umene khoti linatsimikiza kale.

Chimene chinandithandiza koposa ndi malamulo a bungwe la United Nations a kasungidwe ka akaidi, amene anavomerezedwa mu Disembala 2015 ndipo amadziwika ndi dzina la Nelson Mandela. Lamulo 24 limati chithandizo cha zaumoyo kwa akaidi ndi udindo wa boma, chiyenera kufanana ndi chimene anthu akunja amalandira, ndipo chiyendetsedwe mogwirizana kwambiri ndi oyendetsa zaumoyo m'dziko kuti mankhwala a HIV ndi chifuwa chachikulu asadukize. Lamulo 27 ndi limene ndinaliwerenga mobwerezabwereza, chifukwa limati chiganizo chokhudza chithandizo cha wodwala chimapangidwa ndi azaumoyo okha, ndipo ogwira ntchito m'ndende amene si azaumoyo sangachisinthe kapena kuchinyalanyaza. Lamulo 35 limapatsa wazaumoyo ntchito yoyendera chakudya, ukhondo, zimbudzi ndi kayendedwe ka mpweya n'kulangiza mkulu wa ndende, ndipo limati ngati mkuluyo sakugwirizana ndi malangizowo kapena nkhaniyo yamukulira, atumize lipoti lake pamodzi ndi malangizo a wazaumoyo kwa akuluakulu a pamwamba. Malamulowa si ofanana ndi lamulo la Nyumba ya Malamulo limene ungapite nalo kukhoti molunjika, koma amapatsa wazaumoyo wa udindo wochepa poimira polimba.

Chinthu choyamba chimene ndinachita chinali chaching'ono. Ndinagula buku lolimba chikuto n'kulijambula mizere: nambala ya wodwala, tsiku ndi ola limene ndaganiza zomutumiza kuchipatala, kufulumira kwa nkhaniyo, dzina la udindo wa amene ndamuuza, ola limene wodwala wanyamuka, ndipo ngati wachedwa, chifukwa chake ndi siginecha ya amene wapereka chifukwacho. Matenda a munthuyo sindinkalemba m'bukumo, popeza linkadutsa m'manja mwa anthu ambiri. Tsiku loyamba limene ndinapita nalo kwa mkulu wa ndende, nkhope yake inasintha, ndipo anandifunsa ngati ndikumutchera msampha. Ndinamuyankha kuti, "Bwana, bukuli likutetezani inu monga momwe likunditetezera ine. Mukalemba kuti kunalibe mafuta, amene amagawa mafuta ndi amene adzayankhe." Sanakhutire tsiku lomwelo, ndipo kwa masabata angapo ankasayina monyinyirika. Koma ndinaona zinthu ziwiri zikuchitika. Choyamba, zifukwa zina zimene zinkanenedwa mosavuta pakamwa zinkavuta kuzilemba, moti galimoto inayamba kupezeka pa nthawi zimene kale sikanapezeka. Chachiwiri, patapita miyezi, mkulu yemweyo anandipempha kuti ndimuwerengere odwala onse amene anachedwa chifukwa cha mafuta, ndipo anagwiritsa ntchito chiwerengerocho polembera akuluakulu ake kupempha kuti pakhale mafuta opatulidwa a odwala okha.

Chachiwiri chinali kutulutsa kachipatala kathu m'mpanda. Kwa nthawi yaitali ofesi ya zaumoyo ya m'boma lathu inkationa ngati anthu a unduna wina amene ali ndi ndalama zawo, pamene ku ndende ankationa ngati anthu amene a zaumoyo adzawathandiza. Zotsatira zake zinali zakuti pogawa mankhwala, maukonde a udzudzu kapena mankhwala othira m'madzi, ndende inkaiwalika mbali zonse ziwiri. Ndinayamba kutumiza malipoti a mwezi ndi mwezi kwa woyang'anira za chifuwa chachikulu ndi woyang'anira za ma ARV pa chipatala cha boma ngakhale pamene sanawapemphe, ndipo ndinkawakumbutsa kuti mpanda wa ndende sutchinga tizilombo. Asilikali amachezera m'maselo amenewa n'kukagona ndi ana awo ku malayini, alendo amabwera sabata iliyonse, ndipo akaidi ambiri amatuluka n'kubwerera m'midzi yomweyo imene chipatala cha boma chimatumikira. Kafukufuku amene anachitika pa ndende yaikulu ya Zomba n'kusindikizidwa m'chaka cha 1997 anapeza chifuwa chachikulu cha m'mapapo mwa akaidi pafupifupi 5 pa 100 alionse amene anayezedwa, chiwerengero chokwera kwambiri kuposa cha anthu akunja, ndipo mfundo imeneyi inkathandiza kuti anzanga a kuchipatala amve kuti ntchito yawo yothana ndi matendawa singatheke ndende itasiyidwa.

Pamapeto pake tinakhazikitsa komiti ya zaumoyo ya pa ndendeyo, imene inkakumana kamodzi pa mwezi. Munkakhala mkulu wa ndende, ineyo, woimira ofesi ya zaumoyo ya m'boma, msilikali woyang'anira nkhokwe ya chakudya, woona za umoyo wa akaidi ndi mabanja awo, ndi akaidi awiri, mwamuna ndi mkazi. Kulowetsa akaidi m'komitimo ndi kumene kunavuta kwambiri kuvomerezedwa, koma ndi iwo amene ankabweretsa nkhani zimene ife ovala yunifolomu sitikanazidziwa, monga zakuti m'selo ina mpopi unali utauma kwa sabata, kapena kuti amayi ankachita manyazi kupempha zofunika pa nthawi ya msambo kwa msilikali wamwamuna. Lamulo limodzi limene ndinaumirira linali lakuti mfundo iliyonse imene tagwirizana ilembedwe pamodzi ndi udindo wa amene aichite ndi tsiku loti akhale ataichita, ndipo msonkhano wotsatira uziyamba ndi kuwerenga mfundo zimenezo. Misonkhano yopanda zimenezi ndinaiona yambiri, ndipo imatha ndi kugwirizana kuti zinthu n'zovuta.

Za kuyeza akaidi tinaphunzira kwa ena. Bungwe la madokotala othandiza m'mayiko osiyanasiyana la Médecins Sans Frontières linayamba kugwira ntchito m'ndende za Maula ku Lilongwe ndi Chichiri ku Blantyre m'chaka cha 2014, ndipo njira yawo inali yoona mkaidi pa nthawi zitatu: polowa, ali m'kati, ndi potuluka. Ife tinalibe zipangizo ngati zawo, koma tinatengera ganizolo. Wolowa kumene aliyense ankayenera kudutsa kwa ine kapena kwa namwino asanapatsidwe selo yokhazikika, n'kufunsidwa za chifuwa, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku ndi kuwonda, za mankhwala amene ankamwa kunja, za khunyu ndi matenda a maganizo, ndipo ankapatsidwa mwayi woyezetsa HIV ngati wavomera. Ambiri ankabwera kuchokera m'chitokosi cha apolisi atadumphitsa kale ma ARV kwa masiku angapo, kabuku kawo ka kuchipatala katatsala kunyumba.

Potuluka ndi pamene tinkataya anthu ambiri, ndipo apa ndi pamene utsogoleri umaonekera bwino, chifukwa vutoli silinali la mankhwala ngakhale pang'ono. Akaidi amasamutsidwa mbandakucha mosalengeza, pa zifukwa zomveka za chitetezo, ndipo wa pa rimandi akhoza kupita kukhoti m'mawa, kupatsidwa belo, osabwereranso. Ine ndinkangozindikira patapita masiku kuti botolo la mankhwala a munthu wakuti likadali m'kabati mwini wake ali kutali. Mankhwala a chifuwa chachikulu amamwedwa kwa miyezi 6, ndipo wosiyira panjira akhoza kudwalanso matenda osamva mankhwala amene n'ngovuta kuchiza. Tinagwirizana kuti ofesi yosunga kaundula wa akaidi izindipatsa ine ndekha, madzulo a tsiku lotsogolera, mayina a osamutsidwa ndi opita kukhoti, ndipo aliyense amene ali pa mankhwala a nthawi yaitali azinyamuka ndi mankhwala ake pamodzi ndi kalata yomutumiza ku chipatala china. Mkulu wa ndende anavomera nditamulonjeza kuti mayinawo sadzatuluka pakamwa panga, ndipo sanatulukepo.

Nkhani ya anyapala sitinaithetse kwathunthu. Pamene asilikali ndi ochepa ndipo akaidi ndi ochuluka, ndende imayenda ndi anyapala, ndipo ena mwa iwo ndi anthu achifundo amene ananyamulapo odwala pamsana. Koma mphamvu yosankha amene akaonane ndi dokotala siyenera kukhala m'manja mwa mkaidi mnzake. Ndinayamba kuyendera maselo ndekha kawiri pa sabata atangotsegula, ndikuyang'ana amene watsalira chigonere ena atatuluka, ndipo tinaphunzitsa akaidi ena odzipereka kuti azizindikira zizindikiro za chifuwa chachikulu n'kubweretsa mayina kwa ine mwachindunji. Tinaletsanso chizolowezi choitana mokuwa pabwalo kuti a ma ARV abwere, chimene chinkachititsa ena kubisala osalandira mankhwala, ndipo ndinapempha kuti msilikali woperekeza wodwala aziima panja pa khomo pamene akutha kutiona koma osamva zimene tikukambirana.

Pali chinthu china chimene ndinkachita zaka zoyambirira chimene ndikuchenjeza anzanga kuti asachiyambe. Mkaidi akalakwa n'kugamulidwa kuti atsekeredwe payekha, ankabwera naye kwa ine kuti ndisayine kuti thupi lake likhoza kupirira chilangocho, ndipo ndinkasayina poganiza kuti ndikumuteteza. Lamulo 46 la malamulo a Mandela aja limati azaumoyo asatengeko mbali pa kupereka chilango, koma aziyendera tsiku ndi tsiku munthu wotsekeredwa payekha ndi kunena msanga ngati thanzi lake likuonongeka. Kusiyana kwake n'kwakukulu. Akaidi akaona siginecha yako pa pepala la chilango amasiya kukuuza zoona, ndipo wodwala maganizo, amene nthawi zambiri ndi amene amagwa m'milandu ya m'ndende, amakuthawa pamene akukufuna koposa.

Pali mavuto awiri amene ngakhale komiti yabwino bwanji singawathetse payokha, ndiwo chakudya ndi kudzazana. Nsima ya mgaiwa ndi nandolo kapena nyemba kamodzi pa tsiku sizikwanira munthu amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu, ndipo ndinaonapo khungu la anthu likuda n'kusupuka m'khosi ndi m'manja chifukwa chodya chimanga chokhachokha kwa nthawi yaitali. Mphere zinkabwerera tikangomaliza kuzichiza, chifukwa anthu ogona mokhudzana sangasiye kupatsirana. Chimene wazaumoyo angachite ndi kuyeza sikelo ya odwala mwezi uliwonse, kulemba zimene wapeza, ndi kutumiza lipoti ngakhale la mwezi watha silinayankhidwe. Pa za kudzazana, mkulu wa ndende sasankha amene alowe, amangolandira amene makhoti atumiza. Komabe tinapeza kampata kothandizira: pamene amajisitireti ankabwera kudzamvera milandu m'ndende momwemo mothandizidwa ndi apalaligo, anthu othandiza pa zamalamulo amene si maloya, ndinkapereka mayina a anthu a pa rimandi amene akudwala kwambiri, eni ake atavomera, kuti nkhani zawo za belo zionedwe msanga. A bungwe loyendera ndende la Inspectorate of Prisons, limene linakhazikitsidwa ndi gawo 169 la malamulo aakulu a dziko ndipo limatsogoleredwa ndi woweruza milandu, akabwera, ndinkawaonetsa mabuku monga momwe analili. Kubisa mavuto pamaso pa alendo otere n'cholinga choti ndende ioneke bwino kumachotsera mkulu wa ndende yemweyo umboni umene akanapemphera thandizo.

Anthu ena amafunsa ngati zaumoyo za m'ndende ziyenera kuchoka ku unduna woona za chitetezo cha m'dziko n'kupita ku Unduna wa Zaumoyo, monga anachitira ku France m'chaka cha 1994 ndi ku England, kumene kusamutsako kunamalizika mu 2006. Maganizo anga ndi akuti wazaumoyo wa m'ndende ayenera kuyang'aniridwa pa ntchito yake ya chipatala ndi azaumoyo anzake, ndipo kukwezedwa kwake kusadalire munthu amene tsiku lina adzafunika kumutsutsa. Ndikanakhala kuti Lachisanu lija ndinali ndi mkulu wa zaumoyo woti ndimuimbire foni, wokhala ndi mphamvu yotumiza ambulansi, mwina sindikanayankha kuti chabwino bwana. Komabe kusintha unduna pakokha sikungatsegule selo usiku, chifukwa makiyi adzakhalabe ndi asilikali, ndipo zipatala za boma nazo zili ndi mavuto awo a mafuta ndi antchito. Chofunika mulimonsemo ndi mgwirizano wolembedwa pakati pa mbali ziwirizi, wonena kuti amagula mankhwala ndani, amapereka galimoto ndani, wodwala mwakayakaya anyamuke pasanathe nthawi yotani, ndipo imfa iliyonse ya m'ndende amaiunika ndani amene sali pansi pa mkulu wa ndendeyo. Kwa zaka zambiri ndende zathu zinkayendera lamulo la nthawi ya atsamunda la m'zaka za m'ma 1950, ndipo m'chaka cha 2025 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la ndende. Ndikulimbikitsa anzanga amene ali pa ntchito panopa kuti aliwerenge okha ndime ndi ndime, asadikire kuuzidwa zimene lili nazo.

Kwa inu abale, thandizo lanu ndi lalikulu kuposa momwe mumaganizira. Munthu wanu akamangidwa ali pa mankhwala a nthawi yaitali, kaya ndi ma ARV, a chifuwa chachikulu, a khunyu, a shuga kapena a kuthamanga kwa magazi, bweretsani mankhwalawo pamodzi ndi kabuku kake ka kuchipatala tsiku loyamba lomwe, ndipo pemphani kuti muonane ndi wazaumoyo wa pa ndendeyo m'malo mongosiya uthenga pa geti. Mukaona kuti akuwonda kapena akutsokomola, lembani kalata yaifupi yaulemu kwa mkulu wa ndende, ikani tsiku, ndipo sungani ina yofanana nayo. Ngati palibe chimene chikuchitika, mukhoza kukadandaula ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, ku ofesi yomva madandaulo ya Ombudsman kapena ku ofesi yothandiza anthu pa zamalamulo ya Legal Aid Bureau. Akatsala pang'ono kutuluka, funsani kuti akapitiriza kulandira mankhwala pa chipatala chiti ndipo akafike tsiku liti.

Mfundo yomaliza imene komiti yathu inagwirizana ndisanachoke pa ndendeyo inali ya usiku. Tinalemba pa pepala limodzi, limene linapachikidwa m'chipinda cha alonda, kuti chitseko cha selo chikamenyedwa chifukwa cha wodwala, msilikali wa pa ntchito aimbire mkulu woyang'anira usiku umenewo ndi wazaumoyo nthawi yomweyo, alembe ola m'buku, ndipo asilikali awiri okhala pafupi ku malayini aziitanidwa kudzathandiza kutsegula. Patapita miyezi ingapo foni yanga inalira pakati pa usiku, ndipo msilikali wachinyamata anati, "Adokotala, fulumirani, bambo wina wakomoka m'selo, bwana ndawaimbira kale." Galimoto ya ndende inali itawonongeka sabata imeneyo, koma chifukwa cha mgwirizano umene tinali nawo ndi chipatala cha boma, ambulansi inabwera, ndipo bamboyo, amene shuga wake anali atatsika kwambiri, anabwerera patatha masiku anayi akuyenda yekha. M'buku muja munalembedwa ola limene chitseko chinamenyedwa ndi ola limene ambulansi inatuluka pa geti, ndipo pakati pake panadutsa ola limodzi ndi mphindi makumi awiri.